Nkhokwe ya Mapepala m'Sunagoge wa ku Cairo Wakale

Kumwera kwa mzinda wa Cairo, likulu la dziko la Egypt, limene owerenga Buku Lopatulika alidziwa ndi dzina lakuti Aigupto, kuli dera lina lakale kuposa mzinda weniweniwo. Eni dziko amalitcha Cairo Wakale. Pamalopo Aroma anamanga linga m'mphepete mwa mtsinje wa Nile, ndipo nsanja zina za lingalo zikali chiimire. Pamene Aarabu analanda dzikolo m'chaka cha 641, kazembe wa nkhondo yawo, Amr ibn al-As, anamanga misasa kunja kwa linga. Misasayo inakula nisanduka mzinda wamalonda wotchedwa Fustat. Cairo weniweni ndi mwana wa dzulodzulo poyerekeza ndi Fustat, pakuti maziko ake anaikidwa m'chaka cha 969.

Munthu wofuna kulowa m'kati mwa linga amayamba watsika pa makwerero, chifukwa nthaka ya kunja inakwera ndi mabwinja a mibadwo yambiri. Akatsika amayenda m'tinjira topapatiza, napitirira matchalitchi a Akhristu a mpingo wa Coptic. Chimodzi mwa izo ndi tchalitchi cha Abu Serga, pamene Akhristuwo amati Yosefe ndi Mariya anapumulirapo pothawa Herode. Mzikiti woyamba wa m'dzikomo, umene Amr yemweyo anamanga, suli kutali. Ndipo kuseri kwa matchalitchi kuli nyumba yopemphereramo Ayuda, yotchedwa sunagoge wa Ben Ezra. Nyumbayi si yaikulu, ndipo kunja kwake kulibe chodabwitsa. Koma m'mwamba mwake munali chipinda china chopanda chitseko, chimene chinasunga mbiri ya anthu wamba a zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anthu amene alembi a mafumu sanaone chifukwa cholembera maina awo.

Poyamba ndi bwino kudziwa kuti sunagoge si kachisi. Kachisi wa Ayuda anali ku Yerusalemu. Kumeneko ansembe ankapereka nsembe za nyama, ndipo Aroma atamgwetsa m'chaka cha 70 sanamangidwenso. Sunagoge alibe guwa la nsembe. Ndi nyumba ya msonkhano, yowerengeramo Chilamulo cha Mose ndi mabuku a aneneri, yopemphereramo ndi yophunzitsiramo ana. Kuti mapemphero a mpingo achitike pafunika amuna achikulire khumi. Akaperewera ngakhale ndi mmodzi yekha, munthu aliyense angathe kupemphera payekha, koma mpukutu wa Chilamulo suwerengedwa pamaso pa msonkhano. Umboni wakale kwambiri wa nyumba zotere unapezeka mu Africa, osati ku Yerusalemu: ndiyo miyala yolembedwa ya ku Egypt, ya m'masiku a mfumu Ptolemy III, amene analowa ufumu m'chaka cha 246 Khristu asanabadwe.

M'sunagoge wa Ben Ezra, khoma loyang'ana ku Yerusalemu lili ndi kabati yokongoletsedwa, mosungiramo mipukutu ya Chilamulo yolembedwa pamanja pa zikopa. Pakati pa nyumba pali nsanja ya mwala wosalala, pamene wowerenga ankakwera kuti onse amve. Amuna ankakhala m'chipinda cha pansi, akazi cha m'mwamba. Pamalo omwewo oweruza a Ayuda ankazenga milandu ya ngongole, ya maukwati ndi ya chuma cha masiye, pakuti mafumu achisilamu ankalola Ayuda ndi Akhristu kudziweruzira okha milandu yotere, malinga akhome msonkho wa pamutu umene Asilamu sankakhoma.

Za chiyambi cha nyumbayi alendo amauzidwa nthano ziwiri. Ina imati pafupi pomwepo ndi pamene mwana wamkazi wa Farao anapeza khanda Mose m'mabango. Ina imati nyumbayo inali tchalitchi, ndipo m'chaka cha 882 mkulu wa mpingo wa Coptic anaigulitsa kwa Ayuda kuti apeze ndalama zimene wolamulira dziko, Ahmad ibn Tulun, anamlipiritsa. Akatswiri a mbiri amazikayika zonse ziwiri. Chodziwika bwino ndi ichi: cha m'ma 1012 mfumu al-Hakim, amene anazunza Akhristu ndi Ayuda omwe, analamula kuti sunagogeyu agwetsedwe, ndipo iye atachoka pampando Ayuda anammanganso, ntchito nitha cha m'ma 1040. M'masiku amenewo Ayuda a ku Fustat sanali mpingo umodzi. Ena ankatsata miyambo ya aphunzitsi a ku Palestine, ena ya aphunzitsi a ku Iraq, ndipo gulu lililonse linali ndi sunagoge wake. Uyu wa Ben Ezra anali wa a ku Palestine. Mlendo wina wochokera ku Spain, Benjamin wa ku Tudela, amene anafika kumeneko cha m'ma 1170, analemba kuti a ku Iraq ankatsiriza kuwerenga mabuku asanu a Mose m'chaka chimodzi, pamene a ku Palestine ankatenga zaka zitatu, koma pa masiku ena a chikondwerero magulu awiriwo ankapemphera pamodzi.

Tsono nkhani ya chipinda chija iyambira pa lamulo lina la Ayuda. Iwo amaopa dzina la Mulungu kotero kuti chikopa kapena pepala limene palembedwa dzinalo saliwotcha, ndiponso salitaya kudzala. Mpukutu ukang'ambika, kapena buku la mapemphero likatha, amaliika padera pamalo otchedwa geniza, liwu lachihebri lotanthauza mobisiramo zinthu. Malowo akadzaza amanyamula zonse kupita nazo kumanda, nakazikwirira mwaulemu monga aikira munthu. Ndiwo mwambo wa masunagoge ambiri, ndipo chifukwa chake mapepala awo anaola kalekale m'nthaka.

Ku Ben Ezra zinayenda mwina. Geniza yake inali chipinda chakuya ngati nkhokwe, cha chiboo chimodzi chokha m'mwamba mwa khoma, kumapeto kwa chipinda cha akazi, ndipo munthu ankachifikira ndi makwerero. Mtumiki wa sunagoge ankangoponyamo mapepala chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zoposa 800 palibe amene anadzatapamo zonse kupita nazo kumanda. Ku Cairo mvula ndi yosowa, chotero chinyezi sichinalowemo; m'maiko a mvula ndi chiswe, mulu wotere ukadasanduka dothi pa zaka zowerengeka. Moto nawonso unalambalala. M'chaka cha 1168 nduna yaikulu ya dzikolo, Shawar, inalamula kuti Fustat atenthedwe, kuopa kuti angagwe m'manja mwa Amalric, mfumu ya ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya. Mzinda unapsa, koma sunagoge wa m'kati mwa linga anapulumuka.

Palinso china, ndipo ndicho chachikulu. Ayuda a ku Fustat ankalankhula Chiarabu monga anansi awo, koma ankachilemba ndi zilembo zachihebri. Ndiponso kalata yawo, ngakhale yonena za mtengo wa tsabola, siinkatha osatchulamo Mulungu. Pamenepo ndani akadakhala pansi kusankha kuti pepala ili ndi lopatulika, ili ayi? Ankangoponya zonse: masamba a Malembo pamodzi ndi makalata a amalonda, zikalata za ukwati ndi za chisudzulo, mapepala a mankhwala, madandaulo a akazi amasiye, zithumwa, ngakhale timapepala timene ana ankaphunzirirapo kulemba. Zambiri mwa zikalata zimenezi ndi za pakati pa zaka za 1000 ndi 1250, nthawi imene Fustat anali pachimake pa malonda.

Mbiri yakuti ku Cairo kuli nkhokwe yotere inkamveka pang'onopang'ono. M'chaka cha 1864 Myuda wina wa ku Yerusalemu, Jacob Saphir, anakweramo, ngakhale osunga nyumba anamuopseza kuti m'menemo muli njoka. Anatulukamo ali mbuu ndi fumbi, osapeza zambiri. Pakati pa 1889 ndi 1892 nyumba yakaleyo, imene inali itatsala pang'ono kugwa, inaphwasulidwa nimangidwanso pa maziko omwewo. Pa ntchito imeneyo mapepala ambiri anatulutsidwa nakhala pabwalo, ndipo ogulitsa zinthu zakale anayamba kuwatola ndi kuwagulitsa kwa alendo.

M'chaka cha 1896 amayi awiri amapasa a ku Scotland, Agnes Smith Lewis ndi Margaret Dunlop Gibson, odziwa zilankhulo zakale za kum'mawa, anagula zidutswa zina nabwerera nazo ku Cambridge, kumene ankakhala. M'mwezi wa May anaonetsa tsamba limodzi long'ambika kwa mnzawo Solomon Schechter, mphunzitsi wa mabuku a Ayuda pa yunivesite ya kumeneko. Tsiku lomwelo Schechter anazindikira kuti tsambalo linali la m'buku la Sira, limene Akatolika ali nalo m'Baibulo lawo. Bukuli linalembedwa m'Chihebri zaka pafupifupi 200 Khristu asanabadwe, koma kwa mibadwo yambiri linkadziwika m'Chigriki ndi m'zilankhulo zina zomasuliridwa. Chihebri chake anthu ankachiyesa chotayika. Schechter sanagone. M'mwezi wa December chaka chomwecho ananyamuka kupita ku Cairo, ndi ndalama zimene anampatsa Charles Taylor, mkulu wa St John's College. Rabi wamkulu wa mzindawo, Raphael Aaron Ben Shimon, pamodzi ndi akulu a mpingo, anamlola kutenga zimene afuna. Anakhala milungu ingapo m'chipinda chamdimacho, akupuma fumbi limene linamdwalitsa, nalongedza mapepala m'matumba. Zidutswa zimene zinafika ku Cambridge zilipo pafupifupi 193,000.

Schechter ankafuna makamaka mabuku a chipembedzo, ndipo anawapeza. Anapeza masamba ena ambiri a Sira. Anapezanso malamulo a kagulu kena ka Ayuda kosadziwika, nawasindikiza m'chaka cha 1910. Akatswiri anakangana zaka zambiri za eni ake a malamulowo, kufikira pamene zidutswa za buku lomwelo zinapezeka pakati pa mipukutu ya m'mapanga a Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, imene inayamba kutulukira m'chaka cha 1947. Koma makalata a amalonda ndi timapepala ta ngongole sanatisamale kwenikweni, ndipo tambiri tinakhala m'mabokosi zaka makumi ambiri. Amene anaona kuti chuma chenicheni chili m'zinyalalazo ndi S. D. Goitein, katswiri wobadwira ku Germany, amene anathera moyo wake wotsala pozitolera ndi kuziwerenga. Mabuku ake asanu otchedwa A Mediterranean Society anatuluka pakati pa 1967 ndi 1988.

Nanga m'mapepalamo muli chiyani? Muli maina a amphawi amene ankalandira buledi ku sunagoge kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu: akhungu, akazi amasiye, alendo osadziwika kwawo, aliyense ndi chiwerengero cha mitanda yake. Muli zikalata za ukwati zolembamo katundu yense wa mkwatibwi, chovala ndi chovala, mphika ndi mphika, ndi mtengo wake, kuti ukwati ukadzatha mwamuna abweze zonse. M'zikalata zina mwamuna alonjeza kuti sadzakwatira mitala. Muli kabuku ka mwana kophunziriramo zilembo, zolembedwa zazikuluzikulu ndi kupakidwa utoto kuti mwanayo akopeke. Mphunzitsi aliyense wa ana aang'ono angazindikire nzeru imeneyi, ngakhale sadziwa chilembo chimodzi chachihebri.

Mulinso nkhani ya mayi wina wotchedwa Wuhsha, amene anakhala cha m'ma 1100. Iye anali mkhalapakati wa malonda, wokongoza ndalama, wolemera kuposa amuna ambiri. Anabala mwana kunja kwa ukwati, ndipo pa Tsiku la Chitetezo, tsiku lopatulika koposa pa chaka cha Ayuda, mkulu wa mpingo anamtulutsa m'sunagoge wa a ku Iraq anthu akuona. Komabe m'chikalata chogawira chuma chake, chimene chinapezeka m'nkhokwe ija, Wuhsha anasiyira ndalama masunagoge ndi amphawi, nalamulanso kuti mwana wakeyo ampezere mphunzitsi womphunzitsa Malembo ndi mapemphero. Palibe buku la mbiri ya mafumu limene limtchula mayi ameneyu.

Makalata a amalonda aonetsa kutalika kwa maulendo a anthuwa. Abraham Ben Yiju, wobadwira ku Mahdia, m'dziko limene tsopano ndi Tunisia, anakhala ku Mangalore, pagombe la India, kuyambira cha m'ma 1132 kufikira 1149. Kumeneko anali ndi nyumba yosuliramo ziwiya zamkuwa, ndipo ankatumiza chitsulo ndi tsabola kwa anzake a ku Aden. Iwo ankamtumizira shuga, mphesa zouma, sopo, ndi mapepala olembapo, amene ku India anali osowa. Chikalata chimene anamasulira nacho mdzakazi wa ku India dzina lake Ashu, amene anadzambalira ana, chinasungikanso.

Ulendo wa ku India unali wa phindu, komanso unkadya anthu. Mwa Ayuda onse amene anakhala ku Fustat wotchuka koposa ndi Moses Maimonides, wobadwira ku Córdoba, amene anafika ku Egypt m'zaka za m'ma 1160, nakhala mphunzitsi wa Chilamulo womveka m'maiko onse a Ayuda, ndiponso sing'anga wa akuluakulu a boma la Saladin, kufikira imfa yake m'chaka cha 1204. Masamba ena a mabuku ake, olembedwa ndi dzanja lake lenileni, mofufutafufuta, anapezeka m'geniza. Koma pepala logwira mtima ndi kalata ya mng'ono wake David, wamalonda a miyala ya mtengo wapatali, amene ankadyetsa banja lonse kuti mkulu wake akhale pa maphunziro. David analemba kalatayo ali pa doko la Aydhab, pa Nyanja Yofiira, atadutsa m'chipululu movutika. Anafotokoza kuti padokopo sanapeze katundu woyenera kugula, ndipo chifukwa chake watsimikiza kukwera chombo kupita ku India. Napempha mkulu wakeyo kuti akhazike mtima pansi mkazi wake. Chombo china chimene David anakwera chinamira m'nyanja ya India pamodzi ndi chuma cha banja. Maimonides anagona pamphasa pafupifupi chaka chathunthu.

Ntchito ina imene inkalemera mpingo wa ku Fustat inali kuombola anthu ogwidwa ukapolo pa nkhondo kapena ndi achifwamba a panyanja. Mtengo wake unali wokhazikika: madinari 100 pa anthu atatu, pamene banja la munthu wamba linkatha kudya mwezi wathunthu ndi madinari awiri. Ankhondo a mtanda atalanda Yerusalemu m'chaka cha 1099, akulu a Ayuda a ku Ascalon analembera abale awo ku Egypt kuti ndalama zimene anatumiza zatha, poombola anthu ndi mabuku opatulika omwe, ndipo akadali ndi ngongole. Makalata otere ankawerengedwa m'sunagoge mpingo wonse ukumva, pambuyo pake anthu nkusonkha. Atatha ntchito yake, makalatawo ankakwera makwerero aja.

Pali amene amafunsa ngati kunali koyenera kuti chuma chotere chichoke m'dziko la Egypt. Funsolo si lachabe. Schechter sanabe, anapatsidwa ndi eni ake, ngakhale nkukayikitsa ngati eniwo anadziwa kukula kwa chimene anapereka. Ndiponso asanafike iye, mapepala anali atayamba kale kumwazika m'manja mwa ogulitsa, kotero kuti lero alipo ku Oxford, ku St Petersburg, ku New York, ku Manchester ndi ku Budapest, ndipo nthawi zina theka la kalata lili mumzinda uwu, theka linzake mumzinda uwo. Potenga zambiri nthawi imodzi, Schechter anazisunga pamodzi. Koma nzoonanso kuti kwa zaka zambiri mwana wa ku Cairo wofuna kuwerenga mbiri ya mzinda wakwawo anayenera kuoloka nyanja. Vuto limeneli lachepako tsopano, pakuti zidutswa zambiri zinajambulidwa nizikaikidwa pa intaneti, ndipo makompyuta amathandiza kulumikiza mapepala amene anang'ambika nasiyana njira zaka zoposa 100 zapitazo.

Eni ake a sunagoge ndiwo anamwazika osalumikizikanso. Fustat atachepa mphamvu, Ayuda ambiri anasamukira ku Cairo watsopano, natsala amphawi okha m'mbali mwa linga. Komabe m'chaka cha 1948 m'dziko lonse la Egypt munali Ayuda pafupifupi 75,000. Nkhondo za pakati pa Egypt ndi Israel, ya 1948, ya 1956 ndi ya 1967, zinawathetsa: ena anamangidwa, ena anapirikitsidwa nalandidwa katundu, ena anachoka okha poona kumene mphepo ikulowera. Anapita ku Israel, ku France, ku Britain, ku America ndi ku Brazil.

Maiko awiriwo atapangana za mtendere m'chaka cha 1979, nyumba ya Ben Ezra inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980, ntchitoyo ikutsogozedwa ndi Phyllis Lambert, katswiri wa zomangamanga wa ku Canada. Boma la Egypt linaikonzanso nkuitsegulira alendo m'mwezi wa August chaka cha 2023. Denga lake ndi lokongola, nyali zikulendewera, nsanja ya mwala ija ndi yopukutidwa bwino, ndipo oilonda ndi antchito a boma. Chiboo chija chikalipo m'mwamba mwa khoma, kuseri kwake kulibe kanthu. Ayuda obadwira m'dzikomo amene atsala mu Cairo ndi owerengeka pa zala, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi okalamba. Amuna khumi aja, ofunika kuti mpukutu wa Chilamulo utsegulidwe, sapezeka pokhapokha atabwera alendo ochokera kunja.